Better Search Replace: imasesa bwino malinki a localhost, koma ilibe njira yobwerera m'mbuyo

Webusaiti ya loji ya ku Nkhata Bay kapena ya sukulu ya ku Katoto ikamalizidwa pa laputopu n'kukwezedwa pa seva, vuto loyamba silionekera kwa amene waipanga. Iye akatsegula, zithunzi zonse zili m'malo mwake, logo ili pamwamba, menyu ikugwira. Mwini loji akatsegula pa foni yake akungopeza mabokosi opanda kanthu. Chachitika n'chakuti malinki a zithunzizo akulozabe ku http://localhost/loji, ndipo localhost ndi dzina limene makina alionse amadzitchula okha. Pa laputopu ya wopanga XAMPP, pulogalamu yosandutsa laputopu kukhala seva, ikadali yoyaka, ndiye zithunzi zikuchokera m'chipinda momwemo, osati pa seva. Pa foni ya kasitomala palibe XAMPP. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

WordPress, pulogalamu yomangira mawebusaiti otere, ndiyo imayambitsa zimenezi, ndipo imachita dala. Mukaika chithunzi m'nkhani, siilemba njira yaifupi ngati /wp-content/uploads/chipinda.jpg, imalemba adiresi yonse kuyambira pa http. Adiresi imeneyi imamwazikana m'database: mu tebulo la wp_options pa mizere ya siteurl ndi home, m'nkhani ndi masamba onse a mu wp_posts, mu wp_postmeta momwe mumakhala malinki a pa menyu olembedwa pamanja, m'mawijeti, ndi m'zonse zimene theme yasunga. Webusaiti ya masamba khumi okha ikhoza kukhala ndi adiresi yakale m'malo mazanamazana.

Better Search Replace ndi plugin yopangidwira ntchito imeneyi basi: kufufuza mawu m'database ya WordPress n'kuikapo ena. Inali m'manja mwa Delicious Brains, ndipo mu 2022 inapita ku WP Engine pamodzi ndi Advanced Custom Fields ndi WP Migrate. Yaulere imapezeka pa WordPress.org ndipo ikugwira pa mawebusaiti oposa miliyoni imodzi. Maganizo athu ndi akuti kwa anthu ambiri opanga mawebusaiti kuno ku Mzuzu, amene amagwira ntchito pa hosting yotchipa ya cPanel (tsamba loyendetsera akaunti ya pa seva) yopanda SSH (njira yolembera malamulo pa seva mwachindunji), ichi ndi chida choyenera kukhala nacho. Koma chili ndi mipata inayi kapena isanu imene imagwetsa anthu, ndipo ambiri amaidziwa database itawonongeka kale.

Tiyambe ndi chimene imachita bwino, chifukwa ndicho chifukwa chokhacho choigwiritsira ntchito m'malo mwa njira zachidule.

Njira yachidule imene ambiri amaphunzira koyamba ndi kutsegula fayilo ya .sql mu Notepad++ n'kusintha localhost yense nthawi imodzi, kapena kulemba UPDATE yokhala ndi REPLACE mu phpMyAdmin, chida chotsegulira database pa browser. Pa nkhani wamba za mu wp_posts zimenezi zimagwira. Pamene zimapweteka ndi pa zinthu zimene PHP yazisunga mwa njira ya serialize. Njira imeneyi imalemba mawu pamodzi ndi nambala ya kutalika kwake, motere:

s:21:"http://localhost/loji";

Nambala 21 ikunena kuti mawu ali m'katimo ndi otalika mabayiti 21. Mukasintha adiresi kukhala https://lojiyathu.mw, mawu atsopanowo ndi mabayiti 20, koma Notepad++ isiya 21 pomwepo. PHP ikafika pamenepa imawerenga mabayiti 21, n'kupeza kuti chizindikiro chotsekera sichili pamene imachiyembekezera, ndipo imataya mtolo wonse, osati linki yokhayo. Kusiyana kwa chilembo chimodzi n'kokwanira. Zotsatira zake n'zimene ambiri timazidziwa: mawijeti a m'munsi asowa, logo yachoka, mitundu imene munasankha mu Customizer yabwerera ya poyamba, slider ilibe kanthu. Palibe uthenga uliwonse wokuchenjezani pa tsamba, zinthu zimangozimiririka. Choipa kwambiri n'chakuti mukalowa mu Customizer n'kusunga, WordPress imalemba zatsopano pamwamba pa zowonongekazo, ndipo zakale zapita.

Better Search Replace imamasula kaye mtolowo, n'kusintha mawu m'katimo, kenaka n'kuumanganso ndi nambala zolondola, ngakhale mtolo uli m'kati mwa mtolo unzake. Ntchito imeneyi imaigwira mokhulupirika. Kwa ife olemba Chichewa ndi Chitumbuka pali phindu lina laling'ono: nambala ija imawerenga mabayiti, osati zilembo, ndipo ŵ mu UTF-8 amatenga mabayiti awiri. Dzina lakuti Malaŵi lili ndi zilembo 6 koma mabayiti 7. Amene amayesa kukonza manambala pamanja powerenga zilembo ndi chala amalakwitsa pomwepa. Ngati bungwe lasankha kusintha kalembedwe ka mawu ngati ŵanthu pa webusaiti yonse, plugin imeneyi imawerengera bwino.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta, koma pali khomo limene muyenera kutsegula musanaifike. Mukakweza mafayilo mu public_html ndi kulowetsa database kudzera mu phpMyAdmin, n'kukonza dzina la database, la wogwiritsa ntchito ndi password mu wp-config.php, tsamba lolowera la wp-admin lidzakuponyerani ku localhost, chifukwa siteurl ikadali yakale. Plugin ili m'kati, inu muli panja. Tsegulani wp_options mu phpMyAdmin, sinthani siteurl ndi home pamanja. Mizere iwiri imeneyi ndi mawu wamba, sizili za serialize, ndiye palibe choopsa. Njira ina ndi kuika mizere iyi mu wp-config.php:

define( 'WP_HOME', 'https://lojiyathu.mw' );
define( 'WP_SITEURL', 'https://lojiyathu.mw' );

Dziwani kuti mizere imeneyi imangophimba zimene zili m'database, siizisintha, ndipo imatseka mabokosi a adiresi mu Settings kuti asalembedwemo. Malinki a m'nkhani amakhalabe a localhost.

Mukalowa, plugin ili pansi pa Tools. Pali bokosi la mawu ofufuza, bokosi la mawu atsopano, mndandanda wa matebulo, ndi timabokosi titatu tochonga. Pa mndandanda sankhani matebulo onse: dinani loyamba, gwirani Shift, dinani lomaliza. Ambiri amasankha wp_posts ndi wp_options okha n'kuiwala kuti maplugin a mafomu, a SEO ndi a slider amakhala ndi matebulo awoawo. Kabokosi ka dry run kamabwera kochongedwa kale, ndipo omwe anaipanga anaganiza bwino pamenepa. Ulendo woyamba siisintha kanthu, imangokuuzani matebulo amene yafufuza ndi malo angati amene yapeza m'tebulo lililonse. Yang'anitsitsani manambalawo. Webusaiti yodzaza zithunzi ikaonetsa malo atatu okha, mawu ofufuzawo mwawalemba molakwika. Ikaonetsa malo ochuluka m'tebulo limene simumaliganizira, imani kaye mufunse chifukwa chake.

Mpata woyamba uli pomwepa. Yaulere imakupatsani manambala okha. Kuona mzere weniweni mmene unalili ndi mmene udzakhalire ndi za Pro, yolipira. Backup ya database ndi kusunga ma profile ndi za Pro nazonso. Kwa webusaiti ya sukulu kapena ya tchalitchi sitikuona chifukwa chokwanira cholipirira, makamaka poti malipiro ndi a madola. Manambala aja ndi phpMyAdmin zimakwanira. Koma zikutanthauza kuti backup ndi udindo wanu. Plugin ilibe batani lobweza zimene yasintha. Musanachotse chongi pa dry run, pitani mu phpMyAdmin, Export, sankhani gzip kuti fayilo ichepe musamalize bandulo, ikopereni pa laputopu, ndipo muitsegule muone kuti siyopanda kanthu. Backup imene ili pa seva yomweyo ndi yabwino, koma imene ili pa makina anu ndiyo fodya wa pamphuno.

Mpata wachiwiri ndi wa kalembedwe ka mawu ofufuza, ndipo apa plugin siikuthandizani konse: imachita ndendende zimene mwalemba. Ngati adiresi yakale mwailemba yokhala ndi / kumapeto, yatsopanonso ikhale nayo, apo ayi mupeza malinki ngati lojiyathu.mwwp-content. Ndi bwino kusiya / kumapeto kwa zonse ziwiri. Ngati mu htdocs munali loji ndi loji2, ndipo zina zinakoperedwa kuchokera ku yachiwiri, kufufuza localhost/loji kudzagwiranso localhost/loji2 n'kukusiyirani lojiyathu.mw2. Kufufuza mawu akuti localhost okha n'koopsa kuposa pamenepo, chifukwa maplugin ena a imelo ndi a cache amasunga localhost ngati adiresi yeniyeni ya seva. Ndipo chenjerani ndi kusintha kumene mawu akale ali m'kati mwa atsopano, monga kuchoka pa lojiyathu.mw kupita pa www.lojiyathu.mw. Ulendo woyamba ziyenda bwino kupatula ma imelo, amene asanduka info@www.lojiyathu.mw. Mukabwereza kachiwiri mupeza www.www. Njira yozembera zonsezi ndi kuyamba ndi mizere iwiri yopendekera ya mu adiresi: fufuzani //lojiyathu.mw muikepo //www.lojiyathu.mw.

Adiresi imodzi imabisala m'maonekedwe angapo, ndipo ulendo umodzi sungawagwire onse. Elementor, plugin yomangira masamba imene ikugwiritsidwa ntchito kwambiri masiku ano, imasunga masamba ake mwa JSON mu _elementor_data, ndipo JSON yolembedwa ndi PHP imaika mzere wopendekera kumbuyo patsogolo pa / aliyense. Adiresi imaoneka chonchi: http:\/\/localhost\/loji. Mukafufuza http://localhost/loji, plugin idzadutsa pamenepa osaona kanthu, n'kukuuzani kuti yamaliza. Awa ndi malo amene anthu ambiri amaiimba mlandu plugin pomwe vuto ndi mawu amene anaipatsa. Elementor ili ndi chida chake pansi pa Elementor, Tools, Replace URL. Yambani ndi chimenecho, kenaka muiuze ipangenso mafayilo ake a CSS, chifukwa zithunzi za kumbuyo kwa magawo zimalembedwa m'mafayilo a mu wp-content/uploads/elementor/css, kunja kwa database. Mukatero bwererani ku Better Search Replace muchite dry run ya adiresi yokhala ndi mizere yopendekera ija, kuti muone ngati maplugin ena asiya zawo. Maonekedwe achitatu ndi http%3A%2F%2Flocalhost%2Floji, amene amapezeka m'mabatani otumizira tsamba pa WhatsApp kapena Facebook. Achinayi si linki konse koma njira ya pa disiki, C:\xampp\htdocs\loji, imene maplugin a backup ndi a cache amaisunga. Pa cPanel iyenera kukhala /home/dzina-la-akaunti/public_html.

Za kabokosi ka Replace GUIDs tinene mwachidule. GUID imaoneka ngati linki koma ndi chizindikiro chimene mapulogalamu owerenga RSS amadziwira nacho kuti nkhani iyi anaiona kale. Webusaiti imene yakhala pa intaneti ndipo ikungosintha domeni, musaikhudze, apo ayi owerenga adzalandiranso nkhani zakale zonse ngati zatsopano. Webusaiti imene ikuchoka pa laputopu koyamba ilibe wowerenga ngakhale mmodzi, ndiye kuchongapo palibe vuto, ndipo kumachotsa localhost mu feed.

Mpata wachitatu ndi umene umatikhudza kwambiri kuno. Plugin imagwira ntchito kudzera mu browser yanu: imatenga mizere ingapo, n'kusintha, n'kuuza browser, browser n'kuitumanso. Anachita chonchi kuti isagundane ndi malire a nthawi a PHP, amene pa ma seva ambiri ndi masekondi 30. Ubwino wake ndi umenewo. Kuipa kwake n'kwakuti magetsi akazima rauta n'kuthima, kapena netiweki ya pa hotspot ikagwa, ntchito imaima pakati. Matebulo ena asintha, ena ayi. Ngati mawu atsopano sali ndi akale m'kati mwake, ingoyambiraninso, idzamaliza zotsala. Ngati ali nawo, bwezerani backup. Laputopu ikhale ndi moto wokwanira, foni ya hotspot ikhale pamalo pamene imagwira bwino, ndipo musatseke tabu ija kufikira uthenga womaliza utatuluka. Ngati kachingwe kosonyeza kuyenda kwa ntchito kaima pamalo amodzi kapena patuluka uthenga wa error, pitani pa Settings za plugin muchepetse Max Page Size. Imabwera pa 20000. Pa hosting yogawana ndi anthu ena, 5000 kapena kucheperapo zimayenda bwino, ngakhale zimatenga nthawi. Dziwaninso kuti tebulo lopanda primary key imalidumpha.

Wachinayi: siikhudza mafayilo. Dzina lake likunena database ndipo imathera pomwepo. Ngati mu header.php kapena style.css munalemba localhost pamanja, ikhalabe. Tsegulani foda ya theme mu VS Code mufufuze localhost m'mafayilo onse musanakweze. Fayilo ya .htaccess nayo imakhala ndi RewriteBase /loji/ kuchokera pa XAMPP, ndipo chizindikiro chake n'chodziwika: tsamba loyamba likutseguka koma ena onse akupereka 404 kapena error. Lowani mu Settings, Permalinks, dinani Save osasintha kanthu, WordPress ilembanso fayiloyo. Palinso vuto limene palibe chida chofufuzira chingalithetse. Windows siisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'maina a mafayilo, pomwe Linux imasiyanitsa. Linki ya chipinda.jpg imagwira pa laputopu ngakhale fayilo ndi Chipinda.JPG, koma pa seva imafa.

Wachisanu ndi wa chitetezo, ndipo tikuutenga mozama. Mu Januwale 2024 kunatuluka Better Search Replace 1.4.5 yotseka bowo lalikulu lolembedwa CVE-2023-6933, limene linali mu 1.4.4 ndi zonse za m'mbuyo, ndipo munthu ankatha kuligwiritsa ntchito osalowa n'komwe mu akaunti. Bowolo linachokera pa mphamvu yomwe ija ya kumasula mitolo ya serialize. Kuno timakonda kupatsana mafayilo a zip a maplugin pa flash kuti tisunge bandulo, ndipo zip yakale imayenda m'manja ambiri kwa zaka. Plugin iyi ndi yaing'ono, itengeni yatsopano mwachindunji kuchokera mu Plugins, Add New. Mukamaliza ntchito, ithimitseni n'kuifufutiratu. Chida chotha kulemba m'tebulo lililonse chisagone pa seva ya kasitomala chaka chonse popanda ntchito.

Poyerekeza ndi zida zina, amene ali ndi SSH pa seva yawo apeza kuti WP-CLI, chida choyendetsera WordPress polemba malamulo, imaiposa pafupifupi pa zonse. Mzere umodzi uwu umachita ntchito yomweyo pa seva penipeni, osadalira browser:

wp search-replace 'http://localhost/loji' 'https://lojiyathu.mw' --all-tables --skip-columns=guid --dry-run

Chinanso chimene WP-CLI ili nacho ndi --export, imene imalemba zosinthidwazo m'fayilo ya .sql yatsopano osakhudza database ya pa laputopu. Mumakweza fayilo yokonzedwa kale, ndipo webusaiti ya pa laputopu imakhala ikugwirabe. Better Search Replace siingathe zimenezi: mukaiyendetsa pa laputopu musanakweze, mwaipha ya pa laputopuyo. Duplicator ndi All-in-One WP Migration zimanyamula mafayilo ndi database pamodzi n'kusintha adiresi zokha, zimene n'zabwino pa ulendo woyamba, koma zimafuna kukweza mtolo umodzi waukulu, ndipo mtolo wa ma megabayiti mazana angapo ukaduka pakati mumayambiranso. Pa zosintha zing'onozing'ono za pambuyo pake, monga kuchoka pa http kupita pa https mutaika satifiketi ya Let's Encrypt, kapena kuchoka pa .com kupita pa .mw, Better Search Replace ndiyo yopepuka.

Komabe ntchito ya plugin iyi ndi kusesa, ndipo zinyalala zimachepa mukamanga bwino poyamba. Chinthu chimodzi chimene chingachotse mavuto ochuluka ndi kuleka kugwira ntchito mu foda ya pansi pa localhost. Anthu amalangizana kuti alembe malinki oyambira pa / ngati /za-ife/ kuti ayende paliponse, ndipo malangizowo ndi abwino, koma pa localhost/loji linki yotere imapita ku localhost/za-ife/, kunja kwa webusaiti. Pa seva imagwira, pa laputopu imafa, ndiye wopanga amabwerera ku adiresi yathunthu. Patsani webusaiti dzina lakelake pa laputopu. Mu C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts, mutatsegula Notepad ngati Administrator, onjezani mzere wa 127.0.0.1 lojiyathu.test. Mu C:\xampp\apache\conf\extra\httpd-vhosts.conf ikani VirtualHost yokhala ndi ServerName lojiyathu.test ndi DocumentRoot yoloza ku foda ya webusaitiyo, ndipo muikenso ina ya localhost pamwamba pake kuti phpMyAdmin ndi ntchito zina zisasokonezeke. Yatsaninso Apache, seva ya mu XAMPP. Laragon, pulogalamu ina yofanana ndi XAMPP, imachita zonsezi yokha mukangopanga foda. Tsopano webusaiti ili pa muzu mbali zonse ziwiri, .htaccess ndi imodzimodzi, malinki oyambira pa / akugwira konsekonse, ndipo mawu ofufuza ndi dzina limene silingafanane ndi china chilichonse m'database. Gwiritsani ntchito .test, imene inasungidwira zoyeserera kuyambira 1999 ndipo siidzagulitsidwa. Pewani .dev: ndi ya Google, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2017 Chrome imaikakamiza kutseguka pa https basi.

Mu theme, adiresi isalembedwe pamanja ngakhale kamodzi. Linki ya tsamba ichokere ku home_url( '/za-ife/' ), ya fayilo ya mu theme ichokere ku get_template_directory_uri(), kapena get_stylesheet_directory_uri() ngati ndi child theme, ndipo ya mu plugin ichokere ku plugins_url(). Mu CSS, url(images/nyanja.jpg) imawerengedwa kuchokera pamene pali fayilo ya CSS-yo, ndiye imayenda yokha kulikonse. Pa menyu, sankhani tsamba pa mndandanda wa Pages m'malo molemba Custom Link, chifukwa njira yoyambayo imasunga nambala ya tsamba, osati adiresi. Pa Advanced Custom Fields, chithunzi chimasungidwanso ngati nambala.

Kwa amene ali ndi sitolo ya WooCommerce, monga ogulitsa khofi wa ku Mzuzu kapena uchi pa intaneti, pali chenjezo limene plugin iliyonse siingakupatseni. Kusintha adiresi kukaphweka, munthu amakopeka kuti azikonza zinthu pa laputopu n'kumakweza database yonse nthawi iliyonse. Sitolo ikangolandira oda yoyamba, database ya pa seva ndiyo yeniyeni. Kuilemba pamwamba ndi ya pa laputopu kumafufuta maoda ndi makasitomala onse amene analowa chikoperereni. Kuyambira pamenepo mafayilo a theme azikwera kuchokera pa laputopu kupita pa seva, koma database izitsika kuchokera pa seva kubwera pa laputopu, ndipo Better Search Replace muziiyendetsa pa laputopupo, kusintha https://lojiyathu.mw kukhala http://lojiyathu.test. Pa kopi ya pa laputopuyo thimitsani maplugin otumiza ma imelo ndi a malipiro, kuti makasitomala enieni asalandire mauthenga a zoyeserera zanu.

Poyesa ngati zonse zatheka, thimitsani Apache mu XAMPP musanatsegule webusaiti ya pa seva. Chotsani cache ya plugin ndi ya browser. Dinani F12, muone pa Console ngati pali chenjezo la mixed content, ndipo pa Network mulembe localhost kapena .test m'bokosi losefera. Payenera kusatuluka kanthu. Chitani zimenezi pa tsamba loyamba, la zithunzi, la mafomu ndi nkhani imodzi yakale. Onaninso mu Settings, Reading, kuti kabokosi koletsa Google kuona webusaiti kachotsedwa chongi, chifukwa kamasamuka pamodzi ndi database. Kenaka tengani foni imene sinatsegulepo webusaitiyo, ya Airtel kapena ya TNM, muzimitse Wi-Fi, mudine linki iliyonse ya pa menyu ndi batani la WhatsApp musanamuimbire mwini wake.